Mlandu wa Agulugufe a pa Mtengo Wanga wa Mandimu

"Mukuweta mbozi pakhomo pano, inu! Mtengo umenewo mudule, mukapanda kudula ndidzadula ndekha!"

Anakuwa choncho ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga, ataima pakati pa bwalo langa, kumanja atanyamula phesi la chimanga la masamba obookabooka. Ine ndinali pakhonde, ndikumata chubu cha njinga. Sanaodire n'komwe. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kulowa pakhomo pa mnzake ngati mbuzi yodula chingwe.

"Mbozi zake ziti?" ndinafunsa.

"Izi!" Anafunyulula nsonga ya chimangacho n'kundiyandikizira kumaso. M'katimo munali mbozi yotuwa, yonenepa, itagona pa zitosi zake zokhala ngati utuchi wonyowa. "Munda wanga wakuseriku watha. Alangizi atiuza dzulo kumsonkhano kuti mazira a mbozi zimenezi amaikira ndi agulugufe. Nanga mudzi uno agulugufe amasonkhana pati? Si pamandimu panupa?"

Ndinatembenuka kuyang'ana mtengowo. Tsoka lake, nthawi yomweyo agulugufe awiri anali kuzungulira nsonga zanthete, ngati achita kuitanidwa kuti adzachitire umboni alamuwo.

Ndiyambe ndanena za mtengowo. Ine kwathu ndi ku Sharpevale. Kuno kwa Champiti ndinabwera chikamwini, ndipo ana anga anabadwira kuno mpaka ena akwatiwa. Munda ndimalima ndi wa akazi anga. Malo a nyumba ndi a akazi anga. Ana ndi mbumba ya alamu angawo, amawatchula kuti malume ndipo pa ukwati oyankhula amakhala iwowo, ine ndili duu ngati mlendo. Sindidandaula, ndi mmene tinaupezera mwambo. Koma mtengo wa mandimuwo ndi wanga. Chaka chimene ndinalowa m'mudzi muno mayi anga anandipatsira mandimu asanu a pamtengo wa kwathu, ine n'kufesa nthanga zake m'chitini chobooka. Zinamera zitatu, mbuzi zinadya ziwiri. Wotsalawo ndinautchingira ndi minga, ndinkautungira madzi ndekha kumjigo anthu akundiseka kuti mwamuna wasenza ndowa. Mayi anga anamwalira, mtengo wa kwathu uja unauma. Ndiye munthu angobwera ndi phesi m'manja n'kumati dulani?

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Koma tsiku limenelo ndinayesetsa. Ndinaika chubu pansi n'kunena kuti, "Alamu, khalani pampandopo ndikufotokozereni. Agulugufe awa ndi ena, a mbozi za m'chimanga ndi enanso."

"Gulugufe ndi gulugufe," anatero, osakhala pansi.

Pamenepo ndi pamene panagona mlandu wonse. Ine sukulu ndinafika Folomu 4, ndipo aphunzitsi athu a Bayoloje anatiuza kuti pa Chingelezi pali mawu awiri osiyana, lina la gulugufe wouluka masana, lina la wouluka usiku. Ife tili ndi limodzi lokha. Wamawangamawanga wotera pamaluwa, gulugufe. Kotuwa kodzigunditsa pa nyali, gulugufe. Alangizi sananame. Koma akanawononga chiyani kuwonjezera mawu amodzi kuti wausiku? Ananena mwachidule, anakwera njinga yamoto n'kumapita, mtengo wanga n'kutsala pamlandu.

Agulugufe a pamandimu ndimawadziwa kuposa mmene alamu anga amadziwira ng'ombe zawo. Ndakhala nawo zaka zonsezi. Ndi aakulu ndithu, akatambasula mapiko amatsala pang'ono kudzaza chikhatho. Mapikowo ndi akuda, koma owazidwa madontho achikasu, ndipo pakati pamadutsa mzere wachikasu ngati lamba. Pamapiko akumbuyo pali timaso, tina tobiriwira ngati mtambo, tina tofiira tozunguliridwa ndi kuda. Akamayamwa pamaluwa sakhazikika, amangonjenjemeretsa mapiko, miyendo ikungokhudza duwa pang'ono ngati latentha. Dzuwa likaswa mtengo amuna ake amatsikira pamatope a kumjigo, kapena pamene pakodza ng'ombe, n'kumayamwa chinyonthocho ali gulu.

Wamkazi akafika pamtengo sachedwa. Amasankha tsamba lanthete, amapinda mimba, n'kusiyapo dzira limodzi, loyera mwachikasu, laling'ono ngati kambewu ka mpiru. Limodzi basi, kenako amapita patsamba lina. Pakatha masiku ochepa pamatuluka kambozi koti mukakaona mungati mbalame yanyerapo: kakuda, ka banga loyera pamsana, konyezimira ngati chitosi chachiwisi. Zaka zoyamba ine ndinkangodutsa, kumatukwana apumbwa kuti akundidetsera masamba. Tsiku lina ndinaona chitosi chikuyenda. Mbalame yanji ingajomphe chitosi chake chomwe? Nzeru zimenezo alamu anga alibe.

Kakafundula kangapo kamasintha n'kukhala mbozi yaikulu ngati chala, yobiriwira ndendende ngati tsamba la mandimu, ya mizere yotuwa m'mbali, kutsogoloku yotupa ndipo ili ndi timadontho tokhala ngati maso a njoka. Mukaikhudza imadzutsa mutu n'kutulutsa tinyanga tiwiri tofiirira, tofewa, togawanika ngati lilime la njoka, ndipo fungo lake ndi la makoko a mandimu owola. Siluma, siyabwa, imangoopseza. Chakudya chake ndi masamba a mandimu, malalanje ndi manachesi. Mutaiika pachimanga ingafe ndi njala.

Zonsezi ndinawauza alamu anga, mpaka ndinathyola kanthambi kokhala ndi mbozi yobiriwira n'kuwaonetsa pambali pa yawo yotuwa ija.

"Taonani bwino. Yanuyi ili ndi chizindikiro ngati mphanda pamutu, ndi madontho anayi kumatako. Yangayi ili nazo?"

"Yanuyo yakhuta mandimu, n'chifukwa yabiriwira," anatero. "Ikatsikira m'chimanga ituwa."

Magazi anandithamangira kumutu. Akazi anga, amene anali kuseri akutsuka mbale, anatulukira n'kuima pakona ya nyumba. Anangondiyang'ana ndi diso lija ndimalidziwa, lotanthauza kuti mkamwini asamakule mwendo.

"Chabwino," ndinatero. "Ndipatseni masabata atatu. Titsekere mbozi yanu m'chigubu china, yanga m'chigubu china, tione chimene chituluke. Akatuluka agulugufe ofanana, nkhwangwa ndidzabwereka kwa inu nomwe, ndidzadula ndekha."

"Masabata atatu chimanga changa chikutha?"

"Chimanga chanu thirani phulusa ndi mchenga m'nsongamo ngati anzanu. Ena akuthira msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere. Mtengo wanga ukagwa lero, mbozi zanu zisiya kudya?"

Anavomera, koma monyinyirika, ndipo anati mbozi ya m'chimanga asankha okha, ndiponso zigubuzo amanga okha, poti anthu a sukulu ndi akathyali. Ndinadula pakamwa pa zigubu ziwiri za mafuta ophikira, zoonekera m'kati. M'china ndinaikamo dothi lonyowa pang'ono ndi masamba a chimanga, m'china kanthambi ka mandimu. Pamwamba tinaphimba ndi zidutswa za neti yakale yaudzudzu, alamu n'kumanga ndi luzi mfundo yawoyawo, imene amati anaiphunzira ku Joni. Anakhalako zaka zitatu ali mnyamata, koma mpaka lero nkhani iliyonse, ngakhale ya kufula njuchi, imathera ku Joni. Tinasiya kampata kamodzi kolowetsera masamba, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera kudzayendera mfundo yawo ngati wapolisi.

Ndinayesanso kuwaimbira alangizi aja kuti abwere adzalongosole okha. Anati ali ndi midzi yambiri, afika mwezi wamawa. Mwezi wamawa! Mawu amodzi okha amene anawasiya panjira, kuti adzawatole mpaka mwezi wamawa.

M'mudzi nkhani inali itawanda. Ndikamadutsa pa njinga, amayi kumjigo ankafunsa kuti, "Ziweto zadzuka bwanji, bambo?" Wina pagolosale anandiuza kuti ndikazitemeretse kudibi pamodzi ndi ng'ombe. Ndinkangoluma mano. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti anthu omwewo, chimfine chikawagwira, amatumiza mbale pakhomo panga kudzapempha mandimu, ndipo sindinawakanizepo. Alamu anga enieniwo thelere lawo... iyayi, ndisanene zambiri. Koma tiyi wawo wa m'nyengo yozizira amakomera mandimu a mtengo womwewo.

Mbozi ya alamu inadya masiku atatu, kenako inalowa m'dothi n'kusowa. Anabwera m'mawa, anasuzumira, n'kuyamba phokoso kuti ndaitulutsa. Ndinapendeketsa chigubucho pang'ono mpaka dothi linasuntha, ndipo pansi pake panaoneka kanthu kofiirira, kosalala, kokhala ngati nthanga ya bwemba. Ndinati, "Ndi imeneyo, yagona." Anangoti hmm.

Yanga sinalowe m'dothi. Inasiya kudya, inazungulira m'chigubumo tsiku lonse ngati munthu wofuna malo omanga nyumba, kenako inakakamira pakanthambi. Inamata matako ake pamtengo, n'kudzimanga m'chiuno ndi kaulusi kamodzi kopyapyala, n'kutsamira chagada monga amachitira anthu okwera mapolo a magetsi. Kutacha khungu lobiriwira lija linali litagwa pansi, patatsala chikwa cholimba, cha tinyanga tiwiri kumutu, chotuwa ngati kanthambi kothyoka. Mukanapanda kuuzidwa simukanachiona. Alamu anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti chawadabwitsa, koma munthu uja kuti avomere kudabwa, ndiye kuti dzuwa latulukira kumadzulo, ku Mozambiki.

Ya m'dothi ndi imene inayamba kutuluka, patatha sabata ndi masiku angapo. Kanali kagulugufe kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kotuwa ngati khungwa, mapiko kataphimba nawo msana ngati denga. Masana onse kankangokhala phee pakona ya chigubu, osagwedezeka. Alamu anati tidikire kaye winayo.

Winayo anatuluka Lamulungu m'mawa, anthu akukonzekera kupita kutchalitchi. Ndinaona ndi maso angawa. Chikwa chinang'ambika kumsana, iye n'kudzikoka pang'onopang'ono, wonyowa, mapiko atakwinyika ngati nsalu yotuluka m'thumba. Anakangamira pakanthambi mapiko atalendewera pansi, ndipo ndikuyang'ana choncho mapikowo anayamba kufunyuluka, chikasu chija chikuwala, timaso tija tikuonekera. Ine kutchalitchi sindinapite. Ndinakhala pakhonde ndi zigubu zanga ziwiri, mtima uli m'malo, ndikudziwa kuti lero mlandu watha.

Anthu akuweruka, ndinawaitana alamu. Sanabwere okha. Njira ya kutchalitchi imadutsa pakhomo pathu, ndiye panasonkhana anthu oposa khumi, azimayi ndi mabaibulo awo m'manja, azibambo ndi majekete. Ndinaika zigubu pampando, alamu anayendera mfundo zawo n'kuvomera kuti sizinakhudzidwe.

"Ndiye taonani," ndinatero. "Wa m'chimanga chanu ndi uyu, wotuwayu. Amauluka usiku inu mukugona, amaikira mazira mulu pamasamba a chimanga n'kuwaphimba ndi ubweya. Wa pamandimu anga ndi uyu. Akufanana?"

Amayi ena anati, "Eee, koma winayu ndiye wavala bwino." Anthu anayandikira. Ine ndinali nditayamba kale kumwetulira.

Alamu anawerama, anayang'ana uku, anayang'ana uku. Kenako analoza wamkulu uja.

"Uyu dzina lake ndani?"

"Gulugufe."

"Nanga kotuwaka?"

Ndinaona msampha, koma ndikanathawira kuti? "Nayenso gulugufe, koma wausiku."

"Basi!" anatero, akutembenukira kwa anthu. "Mwamva nokha. Onse agulugufe. Kakang'onoka ndi kamwana, kakakula kadzavala ngati mkulu wakeyu. Kodi mwanapiye amabadwa ndi nthenga za tambala?"

Anthu anaseka, ena mpaka kuwomba m'manja. Bambo wina anandiloza n'kunena kuti, "Apo ndiye alamu mwagwidwa." Ndinayesa kufotokoza kuti gulugufe akatuluka m'chikwa sakulanso, kukula konse amakulira ku umbozi, koma mawu anga anamira m'phwete. Masabata atatu ndikusamalira mbozi ngati mwana, umboni uli poyera pampando, munthu n'kuugubuduza ndi mwanapiye! Pakamwa panatseguka pokha.

"Alamu, ndinu mbuli. Mbuli yotheratu. Ku Joni munangotengako jekete, nzeru munazisiya pachipata."

Amayi amene anayamikira gulugufe aja anagwira pakamwa. Alamu anawongoka, anakonza jekete lawolo, ndipo sanakuwe ngati tsiku loyamba lija. Anayankhula motsitsa.

"Dothi limene mwaimapoli ndi la mayi anga. Chomera pamenepa chili m'manja mwanga. Mawa m'mawa ndibwera ndi nkhwangwa."

Anatuluka, anthu n'kumwazikana mmodzimmodzi, osatsanzika. Ndinadula mfundo ya ku Joni ija ndi mpeni, gulugufe wanga anakwera pamphepete, anakupiza kawiri n'kuuluka kulowera kudambo. Kotuwa kaja ndinakapsinya ndi chala.

Madzulo dzuwa lisanalowe akazi anga anakhala pamkeka akusankha nyemba. Ine ndinali kuzungulira bwalo ndikuyankhula ndekha, kuti abwere nayo nkhwangwayo aone, ndikagona patsinde, adule ndi ine ndemwe.

"Mukagona patsinde adzadula mkucha," anatero osadzutsa mutu. "Kapena tsiku limene mudzapite ku Boma. Muzigona pomwepo chaka chonse?"

"Ndiye ndilole? Iwe waona wekha, agulugufe aja akufanana?"

"Sakufanana. Achimwenenso aona kuti sakufanana."

"Nanga bwanji akukakamira?"

"Inu abambo, sukulu yanuyo inakuphunzitsani za mbozi zokha? Munthu wamkulu, mwini mbumba, mumayembekeza kuti anene pamaso pa azilongo ake ndi adzukulu ake kuti mkamwini wandiposa? Mukanangoseka nawo anthu aja, nkhani ikanafera pomwepo, mtengo sakanaukhudzanso. Za mwanapiye zija inali njira yawo yotulukira. Inu mwawatsekera ndi mbuli."

"Koma ndanena zoona!"

"Zoona zanuzo muzithira mu tiyi mtengo ukagwa." Anapeta nyemba kawiri. "Tambala wofiira uja alipo. Mulawire naye kwa achimwene asanatuluke pakhomo pawo."

Ndinalumpha. Ine kukapepesa? Wolakwiridwa ndine, wonamiziridwa kuweta mbozi ndine, wosekedwa kumjigo ndine, ndiye nkhuku ichokenso m'khola mwanga? Ndinanena zambiri madzulo amenewo, zina sindingazilembe. Iwo anangoti, "Sankhani chimodzi, pakamwa panu kapena mtengo wanu. Zonse ziwiri simusunga." Anatenga lichero lawo n'kulowa kukhitchini.

Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umawira. Sindinalakwe pa nkhani ya agulugufe, ndipo aliyense wofuna kutsutsa abwere ndi chigubu chake.

Koma kutacha, mame asanaume, ndinalowa m'khola n'kugwira tambala uja, ndinamumanga miyendo, n'kumukolekera kukhwapa. Ndinadzera njira ya kuseri kuti amayi a kumjigo asandione. Alamu ndinawapeza pabwalo pawo atakhala pachitsa, akunola nkhwangwa pamwala, madzi ali m'kachitini pambali. Ndinaodira. Anayankha osasiya kunola. Ndinanjuta patali pang'ono, ndinaika tambala pansi n'kuwomba m'manja.

"Alamu, dzulo pakamwa panandithawa. Mawu aja sanali oyenera munthu wamkulu ngati inu. Ndabwera kudzapepesa."

Anayesa kuthwa kwa nkhwangwa ndi chala. Anayang'ana tambala, anayang'ana ine.

"Ndiye mwavomera kuti onse aja ndi agulugufe?"

Ndinayang'ana nkhwangwa ija.

"Onse ndi agulugufe, alamu."

"Ehe," anatero. "Ndi zimene ndimanena ine."

Anaimika nkhwangwa kukhoma, anaitana akazi awo kuti adzatenge nkhuku, n'kundiuza kuti ndikhale pampando, kunjuta kumapweteka mawondo pa msinkhu wathuwu. Ndinakhala pang'ono, tinakamba za mvula. Kenako ndinatsanzika, ndinabwerera kunyumba ndikutukwana chamumtima njira yonse, ndipo nditafika ndinatenga khasu n'kuyamba kupalira udzu patsinde pa mtengo wanga.